Kulawa Phala Pamaso pa Apongozi

Thandazani Jere sanalowe uvolontiya wa pasukulu chifukwa chokonda ana a anthu ena. Tinene zoona. Ana a anthu ena ankamupweteketsa mutu: ndiwo ankamenyetsa mpira pazitseko za mafiriji amene iye ankakonza kuseri kwa msika wa Kabwata, ndiwonso ankamutolera timawaya take kukapangira magalimoto. Mwana amene iye ankafuna anali mmodzi yekha, dzina lake Emmy, wa giredi 2 pasukulu ya masisitere ya chakumalire a Woodlands, ndipo mwanayo anali wake.

Wake ndithu, koma osati wa m'nyumba mwake. Mkazi wake Mubanga atamwalira, akuluakulu a mbali zonse ziwiri anakhala pansi n'kugamula kuti mwana wamkazi wamng'ono chotere sangasambitsidwe ndi mwamuna. Apite kaye kwa agogo ake ku Woodlands, adzabwerera kwa bambo ake akakulako. Mawu akuti "akakulako" amakoma pamaliro, aliyense amagwedezera mutu. Koma palibe amene ananena kuti kukulako kumayambira pati. Mwana anagweluka mano akutsogolo, ena anamera, mayunifolomu anathina n'kusinthidwa, koma iye ankangokulirabe ku Woodlands.

Mwina mukuti, bwanji osangopita kukanena? Mukatero ndiye kuti simunakwatire kwa Abemba. Apongozi ake, mayi Exildah Chishimba, amene anatayipa makalata m'maofesi a ku Longacres mpaka kupuma ntchito, Thandazani anali asanawayang'anepo m'maso chikwatirire. Sankadya iwo akuona, sankakhala nawo chipinda chimodzi, ndipo akakumana panjira iye ankapatuka n'kunjuta, manja akuwomba chapansipansi. Ulipo mwambo umene Abemba amautcha kwingisha, wolowetsa mkamwini m'nyumba kuti azidya ndi kucheza ndi apongozi momasuka. Wa Thandazani unali utakonzedwa, nkhuku zitagulidwa kale, pamene Mubanga anayamba kudwala. Nkhukuzo zinadyedwa pamaliro.

Choncho Lamulungu lililonse akatuluka m'tchalitchi ankakwera minibasi n'kukakhala pakhonde la ku Woodlands. Apongozi ankamulonjera ali kuseri kwa chitseko cha khitchini, iye n'kuyankha chitsekocho. Emmy ankabwera ndi tiyi, n'kukhala pambali pake mwaulemu, miyendo pamodzi, monga amachitira mwana akabwera alendo.

Nkhani yaikulu inayenera kudzera kwa ankhoswe, a Killian, ndipo a Killian ankayendetsa lole yodutsa malire. Ukawaimbira, nthawi zonse anali pamzere wa malole pamalire a ku Nakonde.

"Nikabwela tizakamba, mwaiche," ankatero pafoni, akumutcha mng'ono wawo m'Chibemba. "Mwana sathawa."

Inde, mwana sathawa, koma amazolowera. Chimenechi ndicho chinkamudya Thandazani mumtima: kuti tsiku lina Emmy adzakula n'kumamuona ngati bambo wina waulemu wobwera Lamulungu kudzamwa tiyi.

Ndiye Lamulungu lina mwanayo ananena kuti a Sisitere akufuna makolo odzipereka kuphikira ana phala m'mawa. Ananena mongodutsa, akuchotsa nyerere m'shuga. Thandazani sanamve za phala. Anamva zoti pali tsiku lachiwiri pamlungu loti angamuone mwana wake.

Msonkhano wa mavolontiya unachitika Loweruka, m'kalasi ya giredi 1, pamipando yopangira anthu amene miyendo yawo sinatalike. Thandazani anakhala mawondo ali pachibwano, mwamuna yekha pakati pa amayi odzaza kalasi. Pambali pake panakhala mayi Annette, ogulitsa salaula, zovala za kaunjika, pamsika wa Kabwata, amene pakamwa pawo sipankadziwa Sabata.

"Shani, ba Jere? Mwasoba? Kuno kulibe filiji yakufa," anatero.

Asanayankhe, Sisitere Winifred analowa. Anali mayi wamfupi, wa makiyi ambiri m'chiuno, woti akakuyang'ana umakumbukira machimo a chaka chatha. Malamulo ake sankawawerenga papepala, anali nawo pamtima.

"Loyamba," anatero. "Pano palibe mwana wanu. Mukangena pa geti paja, mwana wanu mwamusiya panja, olo mumuone na maso. Simuzamugabila ndimwe, simuzamuitana pambali, simuzamupukuta mamina. Ngati manja yanyeleza, pukutani ba banzanu."

Amayi anaseka. Thandazani sanaseke, koma anadzitonthoza kuti maso sanaletsedwe.

"Lachibili. Palibe ogwila nchito yekha. Babili babili, pafupi, pakuti munzako akakhosomola umvela. Lachitatu, aliyense ofika pa mphika amange kumutu."

Maso onse anatembenukira kumutu kwa Thandazani, kumene tsitsi linasamuka kalekale.

"Ba Sista, ine tsitsi nilibe."

"Muzamanga chabe, ba Jere. Thukuta muli nalo. Lothela, ndiye likulu: bamene baphika ndiye bayamba kulawa. Bonse babili, pamaso pa ticha, mwana asanatambike kapu. Ngati mu mphika muli vuto, liyambile imwe. Mwamvela?"

Onse anamva. Thandazani anaona kuti ndi malamulo oti munthu angakhale nawo, ndipo anali atayamba kale kuganiza za mbali imene angaimire kuti aziona bwino mzere wa giredi 2, pamene chitseko chinatsegulidwa ndi munthu wochedwa. Anamva fungo la sopo lodziwika asanaone nkhope. Thupi linadziwa chochita mutu usanaganize: anatsetsereka kuti anjute, koma kampando kaja kanakana kumusiya, kanatsika naye limodzi katamukanirira kumbuyo.

"Mwapoleni mukwai," anatero mayi Chishimba, akulonjera bolodi m'Chibemba.

"Eya mukwai," anayankha Thandazani, akuuza simenti.

Sisitere anayang'ana uku, n'kuyang'ana uko. "Aba ni banja imozi, si so? Ba mbuya na ba tate ba Emmy Jere. Chabwino, simuzayambana. Chibili ni yanu, mphika wa bana bakulu."

Sisitere apongozi amangowamva m'maulaliki, sanakhalepo nawo. Thandazani anatuluka m'kalasimo kampando katamusiyira mizere, akukumbukira kuti walira mvula walira matope. Ndipo mumtima mwake munalowa mkwiyo, waung'ono koma wotentha. Anaona poyera chimene chachitika: Emmy wanena kunyumba kuti adadi alembetsa, ndipo apongozi abwera kudzalondera, kuopa kuti mkamwini angamazolowerane ndi mwana kuseri.

Lachiwiri loyamba anatseka shopu yake n'kufika mamawa. Ankaphikira m'chisakasa cha malata kuseri kwa makalasi, miphika iwiri ikuluikulu pamafuwa. Mphika wa ana aang'ono, kumene kunali mzere wa Emmy, unali wa mayi Annette ndi mnzawo. Mayi Annette ndiwo anamubwereka duku, ndipo mwa maduku onse a pabelo lawo anasankha la maluwa ofiira.

"Yakuwamilani," anatero akumumanga. "Mukapita so mu Cairo Road, muzapeza okukwatilani."

Tsono taganizani anthu awiri oti mwambo ukuti atalikirane, lamulo likuti ayandikane, ndipo pakati pawo pali mphika umodzi wofuna kutakasa. Anaupeza mtunda wake: aliyense mbali yake ya mphika, chammbali, wina akuyang'ana kumpanda, wina kuthanki ya madzi. Zolankhula zinkadzera kwa mayi Annette.

"Ba Annette, bauzeni bashi Emmy ati moto wachepa," ankatero apongozi. M'Chibemba bashi Emmy ndi bambo a Emmy.

"Bamvela," ankayankha mayi Annette osatembenuka.

"Ba Annette, mubauze ba mayo ati madzi yabila," ankatero Thandazani.

"Nabo bali na matu."

Dzuwa lisanakwere, mayi Annette ananena poyera kuti iwo si foni, ndipo ngakhale foni imafuna kuthiridwa mayunitsi. Kuyambira pamenepo awiriwo anayamba kulankhula ndi katundu. Apongozi ankauza nkhuni kuti zikufuna munthu wozisonkhezera, ndipo munthu ankapezeka. Thandazani ankauza mthiko kuti walemera, mwina ukanapuma pang'ono, ndipo apongozi ankausiya, iye n'kuutola atawerengera kuti dzanja lawo lachokapo. Phala la soya linkapsa bwinobwino, chifukwa mphika sudziwa za chipongozi.

Vuto linali pa kulawa. Mphunzitsi woyang'anira chakudya anali mtsikana wongochoka kumene kukoleji, woopa aliyense womuposa msinkhu. Atabwera ndi masipuni awiri, Thandazani ananena modzichepetsa kuti akusala kudya. Apongozi anauza denga kuti adokotala anawaletsa zotsekemera m'mawa. Mtsikana uja anayang'ana masipuni ake, wosadziwa kolowera, mpaka mayi Annette anadzipereka kulawira onse. Analawa mphika wawo, n'kulawa wa anzawo, n'kubwereza kuti atsimikize.

Zinayenda choncho milungu ingapo. Nyengo ya Lenti inathandizako, ngakhale kuti Thandazani anali wa mpingo wa Reformed ndipo chibadwire anali asanasalepo ngakhale chitumbuwa. Pasaka inafika n'kupita, Akatolika onse anamasula, koma kusala kwa a Jere kunapitirira, ndipo kunkagwa Lachiwiri lokhalokha.

Koma zimene ankapeza pa Lachiwirilo zinali zoposa manyazi a duku. Belu likalira, ana ankatuluka ndi makapu awo, ndipo iye, akugawira a giredi 6 amene ankamutcha "ba anko ba duku", ankaponya diso kumzere winawo. Kumeneko anapeza mwana amene sankamudziwa. Emmy wa pakhonde anali wofatsa, woyankha "inde" ndi "ayi". Emmy wa pamzere anali wolongolola, wolamula anzake kuti aime bwino, woseka mutu uli chagada ndendende mmene ankasekera mayi ake. Tsiku loyamba ataona duku lija anabisala kumbuyo kwa mnzake. Mlungu wotsatira anakweza kapu yake m'mwamba n'kukuwa kuti sukulu yonse imve: "Baja ni ba dadi banga!" Thandazani anasunga lamulo, sanayankhe, sanakweze dzanja. Koma mnyamata amene anali patsogolo pake tsiku limenelo analandira phala la anthu awiri.

Ankaonanso, ndi ngodya ya diso, kuti chipande cha apongozi chimaima m'malere mzere wa giredi 2 ukamadutsa. Iye ankati akumuwerengera kuti wayang'ana kangati.

Chinaulula zonse ndi kukhuta kwa mayi Annette. Lachiwiri lina Sisitere Winifred akudutsa anawapeza ali pamphika wosakhala wawo, sipuni ili m'kamwa, maso atatsinzina. Sanafunse zambiri. Anatenga masipuni awiri m'manja mwa mphunzitsi uja n'kuima pakati pa chisakasa. Belu linali litalira kale, ana ataima m'mizere.

"Ba Jere. Ba Chishimba. Lawani."

"Ba Sista, ine nili pa kusala..."

"Kusala kwanu kwapitilila kwa Ambuye Yesu. Lawani."

Thandazani anayang'ana khoma la chimbudzi cha aphunzitsi. "Ningayende kuseli uko na sipuni, nibwele nikuuzeni?"

"Pamaso, ba Jere. Ndiye lamulo."

Mayi Annette anayesa kuthandiza, mawu atatsitsa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Ba Sista, aba ni bapongozi. Sibanangenesewe. Sibangadye pamozi."

"Niziba," anatero Sisitere, ndipo sananene mwaukali. "Naine ninabadwila pa mudzi, sininagwe kumwamba na velo. Koma bana aba makolo bao banatipasa ise. Siningabapase chakudya chamene ophika akana kuika mukamwa. Ngati simungakwanise, palibe mulandu. Vulani ma apuloni, nizaika bena."

Kumizere kunayamba phokoso. Mwana mmodzi anagogoda kapu yake ndi sipuni, wina n'kutsatira, posakhalitsa bwalo lonse linali ngowengowe.

Thandazani anaima mutu uli pansi, thukuta likulowa m'maluwa a duku. Akavula apuloni, Lachiwiri latha, abwerera kukakhala mlendo wa pakhonde. Akalawa, ndiye kuti watafuna pamaso pa apongozi, pagulu, ana a sukulu yonse akuona. Nkhani yotero siidikira minibasi. Ikanafika ku Nakonde dzuwa lisanalowe, ndipo tsiku limene akuluakulu adzakhale pansi, wina adzangoti, munthu wopanda mwambo chotere angalere mwana wamkazi? Anayeza ziwirizo ndipo anaona kuti kuli bwino kutaya Lachiwiri kusiyana ndi kutaya mwana. Mtima unamuwawa kwambiri. Anapinda manja kumbuyo n'kuyamba kumasula chingwe cha apuloni, koma mfundo inakana.

"Bashi Emmy."

Mawuwo sanapite kwa nkhuni, sanapite kwa mthiko, sanadzere kwa mayi Annette. Anabwera molunjika, ndipo Thandazani anachita kuyang'ana kumbuyo kuti aone ngati pali bashi Emmy wina.

Mayi Chishimba anatenga sipuni imodzi kwa Sisitere, anaitsukuluza m'beseni, anatapa phala pakati penipeni pa mphika. Kenaka anazungulira mphikawo, ulendo umene anali asanauyendepo, n'kuima patsogolo pa mkamwini wawo. Anapinda mawondo pang'ono, monga mmene mawondo a zaka zawo akanalolera, sipuni ataigwira ndi manja awiri.

"Lyeni, tata," anatero m'Chibemba chawo. Kenaka anabwereza kuti pasakhale kukayika. "Idyani. Nine nakupasani."

Mayi Annette anaiwala kuti ali pasukulu ya masisitere. Anaimba nthungululu yoti inamveka mpaka kumsewu, ndipo amayi ena aja anailandira. Ana, osadziwa chimene chikukondwereredwa, anawonjezera kugogoda makapu.

Thandazani anagwada pafumbi, duku lili kumutu, apuloni ili lende mbali imodzi. Analandira sipuni ndi manja awiri n'kuika m'kamwa yonse nthawi imodzi, osauzira. Phala la pakati pa mphika silichita chibale ndi munthu. Linamuwotcha lilime mpaka misozi inatuluka, ndipo anathokoza kuti lamupatsa chonamizira.

Apongozi anatapa lawo ndi sipuni inayo, anauzira mwaulemu, analawa. Kwa nthawi yoyamba anayang'anana. Thandazani anadabwa kuona kuti ndi munthu wamng'ono thupi, wa maso otopa, ndiponso kuti chibwano chawo ndi cha Emmy.

"Chili bwanji?" anafunsa mayi Chishimba.

Apa munthu wanzeru akanati chili bwino. Koma Thandazani ntchito yake inali youza anthu chimene chavuta m'firiji, ndipo mutu wake unali usanabwerere m'malo.

"Mchele wachepa, mayo."

Mayi Annette anagwira pakamwa.

"Awe shuwa," anatero apongozi, manja ali m'chiuno. "Zaka zonse izi munthu ali chete, ine niganiza ati mwana wanga anapeza mwamuna wofatsa. Lelo namusegula pakamwa, mau yoyamba ni kunyoza kuphika kwanga! Imwe ba kum'mawa, malilime yanu yanafa na mchele wa pa mbeba."

Abemba ndi anthu a kum'mawa, kwawo kwa Thandazani, ndi apachimbuya, amanyozana za mbewa ndi anyani paukwati ngakhale pamaliro, ndipo wokwiya ndiye wolakwa. Thandazani chikwatirire anali atameza nthabwala zotere zosawerengeka pakhonde lija. Imodzi inapulumuka.

"Ise ndiyo zathu tikumba pansi, mayo. Sitikwela mu mitengo kupilikisa bakolwe."

"Mwamumvela?" anakuwa mayi Chishimba, akuitana chisakasa chonse kuti chichitire umboni. "Mulandeni sipuni yanga uyu!"

Ngakhale Sisitere anatembenukira kumbali, makiyi akulira m'chiuno chifukwa cha kuseka. Atadzigwira anati, "Ikani mchele, mugabe. Bana bafa na njala."

Anagawa. Mapewa ankagundana, zipande zinkawombana, ndipo palibe amene anafa. Mzere wa giredi 2 utadutsa chapatali, Emmy anaima n'kuyang'ana bambo ake ndi agogo ake ali mbali imodzi ya mphika, akukangana za kukula kwa chipande. Anayang'anitsitsa mpaka wa kumbuyo kwake anamukankha.

Ana atabwerera m'makalasi, inatsala ntchito yotsuka. Thandazani ndi apongozi ake anakokera mphika wawo kumpopi wa kuseri kwa thanki. Mayi Annette, amene kawirikawiri nkhani ankaimva isanayambe, tsiku limeneli anakumbukira mwadzidzidzi kuti mphika wawo ukufunika kutsukidwa kutali.

Thandazani anali ndi mawu okonzeka. Anawakonza kalekale kuti a Killian akawanene: kuti nyumba ya ku Kabwata ili ndi chipinda chachiwiri, kuti wapaka utoto, kuti mlongo wake amakhala pafupi ndipo angathandize za tsitsi ndi zina zachikazi, kuti sakunyoza chisamaliro cha ku Woodlands. Anawayeserera kambirimbiri pamaso pa mafiriji. Tsopano khomo linali lotsegula. Anakhula mphika kanthawi, n'kukonza kukhosi.

"Mayo, nkhani ya Emmy..."

"Muganiza ninabwela kuchita chani kuno?" anamudula apongozi, osasiya kukhula mbali yawo. "Kambani zoona, pakuti lelo mwayamba kukamba zoona. Muganiza ninabwela kukulondani."

Thandazani anaweramira mumphika n'kukhula mwamphamvu.

"Ninaziba," anatero apongozi. Anathira mchenga wina pachiguduli. "Mwana uja akula, tata. Asamba yekha manje, anikhomela na chitseko ati mbuya musangene. Usiku afunsa ati ku Kabwata kuli bwanji, ba dadi bagona na ndani mu nyumba. Nili na matu. Niziba ati nthawi yakwana, olo ba Killian bakhale pa Nakonde mpaka Yesu akabwele."

Madzi ankatuluka pampopi pang'onopang'ono, ndipo onse awiri anawayang'ana.

"Manje ine ninaganiza ati, akayenda, nizamuona kuti? Kunyumba kwa mukweni siningangene. Kuimilila pa geti ya sukulu monga wogulisa ma fulizit, awe. Pamene ninamvela ati ba Sista bafuna bophika, ninati apa ndiye pa malo panga. Sininazibe ati naimwe mwalembesa. Ninabwela kuphunzila, bashi Emmy. Kumuona ali kuja pa laini, ine nili kuno, osamuitana, osamukonza kolala. Imwe lamulo ija inakuvutani. Ine ninali kuifuna, kuti nizolobele."

Thandazani anasiya kukhula. Milungu yonseyi ankaona chipande chikuima m'malere n'kumati akumuwerengera. Manyazi anamugwira, otentha kuposa phala lija. Anabwera kudzamenyera mwana, ndipo mwanayo anali akumupatsidwa asanamalize n'chiganizo chomwe. Anayembekeza kuti tsiku lotere adzalumpha ndi chimwemwe. Chimwemwecho chinalipo, koma chinabwera ndi chisoni, chifukwa m'mawu onse amene anakonza munalibe ngakhale amodzi onena za mayi wotsala yekha m'nyumba yaikulu ya ku Woodlands.

"Mayo," anatero, "ku Kabwata mungangene. Lelo mwanidyesa. Na tsitsi lake ine siningakwanise, manja yanga ni ya ma waya."

"Izo tizaona," anatero apongozi. "Musanipase vambili pa tsiku imozi."

Kenaka anapitiriza, mawu atatsika.

"Temu ikasila, mubwele mumutenge. Ba Killian tizabauza pambuyo, bazakondwela ati nchito banagwila. Koma nipempha chimozi. Mubwele pa Chinayi mumasana, pamene nili ku mapemphelo ya bazimai. Vovala nizalongeza, makiyi nizasiya kuli ba neba. Musanilindile."

"Mayo, siningamutenge monga kawalala. Afunika akulaileni, akutsanzikeni bwino."

"Azanilaila kuseni, nikalibe kuyenda. Ivo ningakwanise." Anapukuta chipumi ndi kuseri kwa dzanja, n'kusiyapo mchenga. "Chamene siningakwanise ni kuona chola chake chichoka pa geti paja. Cha bamake nine ninachinyamula, kuchoka nacho pa geti yamene ija kuyenda ku chipatala. Ninabwela nacho nekha."

Thandazani anavomera kuti, "Eya mukwai." Kenaka anakokera mphika wonse mbali yake n'kuyamba kutsuka ndi mbali ya apongozi yomwe, chifukwa manja awo anali atasiya.